Ana obadwa masiku asanakwane akufika kuchipatala chachikulu atazizira: kutentha kukuthawira pati?

Nangondo

Moni anamwino, azamba ndi madokotala nonse muli muno. Funso langa likukhudza zipatala zing'onozing'ono za m'Blantyre muno, zija zopanda incubator (kabokosi kamagetsi kofunditsira makanda), zokhala ndi hita imodzi kapena osakhala nayo n'komwe. Mayi akachira masiku asanakwane, tinene pa masabata 30 kapena 32, khanda lolemera kilogalamu imodzi ndi theka, timalitumiza ku Queens, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Koma makanda ambiri otere akamalandiridwa uko thupi limakhala lili pa madigiri 34 kapena 35, pamene anachoka atafunditsidwa bwinobwino ndi zitenje zitatu, bulangete pamwamba. Uno ndi Juni, chiperoni chayamba, ndiye mukudziwa mmene kumakhalira mbandakucha.

Ndithandizeni ndondomeko yeniyeni, kuyambira mwana asanabadwe mpaka atafika. Ndamvanso za kumulowetsa mwana m'jumbo: n'zoona zimenezi, ndipo amamupukuta kaye kapena ayi? Nanga mabotolo a madzi otentha amene agogo amakonda kuyika m'mbali mwa mwana, tiwalole?

Nasibeko_Mzamba

Asisi, zitenje zitatuzo n'zimene zikukupusitsani. Nsalu sitenthetsa mwana, imangosunga kutentha kumene thupi lapanga kale. Zili ngati fulasiki: mukathiramo tiyi wozizira, madzulo mudzamupeza ali wozizirabe. Khanda la masabata 30 lilibe mphamvu zokwanira zopangira kutentha kwake, choncho mukalikulunga litazizira kale, mwakulunga kuzizirako. Limafunika chinthu cholipatsa kutentha kuchokera kunja, ndipo pachipatala chopanda makina chinthu chimenecho ndi chifuwa cha mayi ake.

Koma tiyambe mwana asanabadwe, chifukwa ambiri amazizira m'mphindi 10 zoyambirira, osati m'ambulansi. Khanda lonyowa likangosiyidwa pamtetete, thupi limatha kutsika ndi madigiri 2 mpaka 4 m'mphindi 10 kapena 20 zokha. Kulibwezeretsa kumatenga maola.

Chipinda chochirira chikhale pa madigiri 25 kapena kuposerapo. Musayeze ndi thupi lanu. Mzamba amene wavala yunifolomu, juzi ndi epuloni, akuthamangathamanga, amamva kutentha pamene chipinda chili pa 19. Pachikani thermometer pakhoma, chapafupi ndi bedi. Tsekani mawindo ndi chitseko, zimitsani fani. Zenera limene lasweka galasi limodzi litsekeni ndi katoni lero lomwe, musadikire okonza. Kamphepo kolowera pamenepo 3 koloko usiku n'kokwanira kuziziritsa mwana.

Konzeranitu nsalu zouma zosachepera zitatu, chipewa, ndi bulangete. Zitenthetseni pansi pa hita ngati ilipo, kapena gadiyani azifungatire m'kati mwa malaya ake. Chipewa chikhale chaching'ono, chogwira mutu wa khanda losakwana masiku. Zipewa zimene amayi amagula pamsika zimakhala za mwana wa makilogalamu atatu, zimangovuka kapena kutsikira kumaso. Ndi bwino pachipatala pakhale tizipewa toluka tating'ono tosungidwa m'kabati ya m'chipinda chochiriramo.

Mwana akangotuluka, mulandireni ndi nsalu yoyamba, mumuike pamimba pa mayi, osati pamphasa ya pulasitiki kapena pathireyi yachitsulo. Mupukuteni bwinobwino kuyambira kumutu, chifukwa mutu ndi waukulu poyerekeza ndi thupi ndipo tsitsi limasunga madzi, kenako msana, m'khwapa, m'mphechepeche. Apa pali cholakwika chimene chimachitika tsiku ndi tsiku: nsalu imene mwapukutira ija ichotseni, iponyeni kutali. Ambiri amapukuta bwino kenako n'kumufunditsa ndi nsalu yomweyo yonyowa. Zoyera zoterera zija za pakhungu musazikwechese, zimateteza khungu. Muvekeni chipewa, mumugoneke chafufumimba pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu, ndipo nsalu yachiwiri ndi bulangete zifunde onse awiri pamodzi. Mchombo mudule pakatha mphindi imodzi mpaka zitatu ngati mwana akupuma, ndipo muudule mwana ali chifundire. Palibe chifukwa chomuvundukulira yense kuti mumange mchombo.

Ngati sakupuma ndipo mukupita naye pomuthandizira kupuma, malowo akhale atayalidwa kale nsalu yofunda. Thebulo lozizira limayamwa kutentha kwa mwana kudzera kumsana nthawi yonse imene inu maso ali pa bag ndi mask, chipangizo chomupopera mpweya. Chifuwa chokha n'chimene chionekere, miyendo ndi mutu zifundidwe.

Pa sikelo ndi penanso pamene timawataya. Mwana wamng'ono tiyenera kudziwa kulemera kwake kuti tisankhe zochita, koma osamugoneka wamaliseche pachitsulo. Ikani nsalu youma pasikelo, bwezerani sikelo pa ziro nsaluyo ili pomwepo, mugonekeni, werengani, mubwezereni pachifuwa. Zisapitirire theka la mphindi. Vitamini K ndi mankhwala a m'maso mupereke mwana ali pachifuwa pomwepo.

Kusamba ayi. Mwana aliyense asasambe maola 24 asanathe, ndipo wosakwana masikuyu asambe patapita masiku, akayamba kusunga kutentha kwake. Ngakhale mayi ali ndi kachilombo ka HIV, kupukuta n'kokwanira.

Achisale_Ana

Zonse zimene anena Mayi Nasibeko ndikugwirizana nazo. Ndiwonjezere manambala ndi chifukwa chake nkhaniyi si ya kungomva chisoni kuti mwana akuzizidwa.

Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, thupi la khanda liyenera kukhala pakati pa 36.5 ndi 37.5. Kuyambira 36.0 mpaka 36.4 layamba kuzizira. Kuyambira 32.0 mpaka 35.9 lazizira ndithu. Pansi pa 32 ndi pangozi yeniyeni. Ndiye ana anu a 34 ndi 35 aja ali m'gulu lapakatilo, si nkhani yaing'ono. Kafukufuku wina wa ku America wa 2007, wa makanda osakwana magalamu 1,500, anapeza kuti digiri iliyonse imene thupi latsika pofika mu nazale imakweza mpata wa imfa ndi 28 pa 100 aliwonse. Kumeneko n'kokhala ndi makina onse.

Khanda silinjenjemera ngati munthu wamkulu. Limapanga kutentha powotcha mafuta apadera a bulauni amene amakhala pakati pa mapewa, m'khosi ndi kuzungulira impso. Mafuta amenewa amachuluka chakumapeto kwa mimba, ndiye wobadwa msanga ali nawo ochepa kwambiri. Khungu lake ndi lopyapyala, limataya madzi, ndipo madzi akamauma pakhungu amapita ndi kutentha. Amagonanso chotambalala, sapinda manja ndi miyendo. Akamayesetsa kudzitenthetsa amawotcha shuga ndi okosijeni wambiri. Zotsatira zake shuga amatsika, kupuma kumavuta, mapapu amene anali osakhwima kale amalephereratu, mwana amafooka osayamwa, ndipo posayamwapo shuga amatsikanso. Pamapeto pake mumaona khungu la ntchafu likuuma gwa, kapena magazi akutuluka m'mapapu. Mwana akafika apo, ngakhale kuchipatala chachikulu kumupulumutsa kumavuta.

Yezani m'khwapa, khwapa louma, nsonga ya thermometer ili pakatikati, mkono mutaugunditsa kuthupi mpaka italira. Ma thermometer ambiri a digito sawerenga pansi pa 32, amangolemba Lo. Ameneyo sanawonongeke, akukuuzani kuti mwana ali pangozi. Anthu ena amaligwedeza n'kulemba 36 m'faelo. Ngati thermometer palibe, gwiritsani kumbuyo kwa dzanja: mimba yofunda koma mapazi ozizira ndiye kuti wayamba kuzizira, mimba ndi mapazi zonse zozizira ndiye kuti wazizira ndithu.

Mukamupeza ali pakati pa 32 ndi 36.4: chotsani chilichonse chonyowa, thewera louma, chipewa, pachifuwa cha mayi, fundani onse awiri. Yezani shuga. Akakhala pansi pa 2.6 mmol/l ndipo mwana akutha kumeza, mupatseni mkaka wa m'mawere wofinya nthawi yomweyo pakapu kapena pachubu. Ngati sakutha, dextrose (madzi a shuga) wa 10 peresenti, 2 ml pa kilogalamu iliyonse kudzera mumtsempha. Musabaye wa 50 peresenti osasungunula, amawononga mitsempha. Yezaninso thupi ola lililonse. Liyenera kukwera ndi theka la digiri pa ola kapena kuposa. Ngati pakatha maola awiri kapena atatu silikukwera pamene zonse mwachita bwino, ganizirani matenda a m'magazi. Khanda losakwana masiku likagwidwa ndi tizilombo nthawi zambiri silitentha thupi, limazizira. Perekani mlingo woyamba wa mankhwala opha tizilombo, benzylpenicillin ndi gentamicin, motsatira ndondomeko ya unduna, ndipo mutumizeni. Wa pansi pa 32 musadikire naye: yambani kumutenthetsa, shuga, mankhwala, ulendo.

Za jumbo n'zoona. Imaletsa madzi kuuma pakhungu. Ku Lusaka anayesa njirayi ndi matumba wamba otchipa, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2013 zinaonetsa kuti ana ambiri amene anaikidwa m'thumba anali ndi kutentha koyenera patatha ola limodzi kuposa amene sanaikidwe. Pa funso lanu la kupukuta, njira zilipo ziwiri ndipo anthu amazisokoneza. Kumene kuli hita yoyaka pamwamba, mwana wa pansi pa masabata 32 amalowetsedwa m'thumba osapukuta thupi, amangopukuta mutu n'kuveka chipewa, chifukwa kutentha kwa hita kumadutsa pulasitiki n'kutenthetsa chinyezi chili m'katimo. Kumene kulibe hita, musatengere zimenezo. Mupukuteni kaye, kenako mulowetseni m'thumba kuyambira kumapazi mpaka m'mapewa, ndiyeno nsalu pamwamba. Thumba likhale latsopano, loyera, loonekera m'kati kuti muziona khungu ndi mchombo. Lisafike pankhope. Yezani pafupipafupi, ndipo thupi likadutsa 37.5 chotsani. Koma kwa ine, ngati mayi ali bwino ndipo mwana akupuma yekha, chifuwa chimaposa jumbo. Jumbo ndi ya nthawi imene chifuwa palibe, monga pomuthandiza kupuma kapena pomunyamula kuchoka ku fiyeta.

Mabotolo a madzi otentha kanizani. Khungu la mwana wozizira silikhala ndi magazi okwanira oyendamo, limapsa ngakhale ndi botolo limene inu mukulimva ngati lofunda chabe, ndipo mwanayo salira kapena kusuntha. Botolo likazizira limayambanso kumulanda kutentha. Magolovesi othiramo madzi otentha ndi chimodzimodzi, amaphulikanso. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito botolo, tenthetserani kabedi kapena nsalu, n'kulichotsa mwana asanagonepo.

Nangondo

Zikomo kwambiri amayi ndi adokotala. Koma ndifunsenso. Ife tinaphunzira kuti kangaroo, njira ija yosunga mwana pachifuwa khungu ndi khungu, amayamba mwana akakhazikika, osati ali pa okosijeni kapena dripi. Nanga mayi akamataya magazi kapena akukomoka, timuike pachifuwa cha ndani? Komanso m'ambulansi, namwino amafuna kumamuona mwana, ndiye n'chifukwa chake ambiri amamunyamula m'manja.

Achisale_Ana

Zimene munaphunzirazo zinali zoona panthawiyo, koma zinasintha, ndipo zinasinthira pa umboni umene mbali ina unachokera kuno ku Blantyre. Njira ya kangaroo inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, ndi Dr Edgar Rey, chifukwa ma incubator anali ochepa. Kuno kwathu inakhazikika kuyambira ku chipatala cha Zomba Central mu 1999. Kwa zaka zonsezo lamulo linali lodikira kuti mwana akhazikike, pamene ambiri amamwalira masiku oyambirira omwewo, asanakhazikike. Ndiye panachitika kafukufuku wamkulu m'mayiko asanu, Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, ndipo kwathu kuno anachitikira ku Queen Elizabeth. Anatenga makanda opitirira 3,000 olemera pakati pa kilogalamu 1.0 ndi 1.8. Amene anayamba kangaroo atangobadwa, ngakhale ali pa okosijeni, anamwalira 12 pa 100 aliwonse m'masiku 28, pamene amene anadikira anamwalira pafupifupi 16 pa 100. Zinatuluka mu 2021, ndipo mu Novembala 2022 WHO inasintha malangizo: kangaroo ayambe mwana atangobadwa, maola 8 mpaka 24 pa tsiku. Osayambira pachifuwa ndi okhawo amene sakupuma okha ngakhale mwawathandiza, kapena amene magazi sakuyenda bwino m'thupi.

Mayi akadwala, chifuwa cha munthu wamkulu aliyense wathanzi chimagwira ntchito: agogo, azakhali, mchemwali wake, bambo a mwana. Asakhale wotsokomola, wa chimfine kapena wa zilonda pakhungu. Muuzeni gadiyani, mayi asanachire, kuti mwina adzafunika, asambe m'manja, avale malaya otsegula kutsogolo.

Nasibeko_Mzamba

Za ulendozo ndiyankhe ine. Choyamba, ambulansi yabwino kwa mwana wa masabata 30 ndi mimba ya mayi ake. Mayi akabwera matenda atayamba masiku asanakwane koma njira isanatseguke kwambiri, mutumizeni asanachire. Kumeneko akalandiranso jakisoni wokhwimitsa mapapu a mwana. Vuto limabwera pamene wafika mutu uli pakhomo.

Chachiwiri, musanyamuke ndi mwana wozizira poganiza kuti akatenthera kutsogolo. Nthawi imene mukudikira galimoto, mwana akhale ali pachifuwa kale, atamwa mkaka woyamba uja ngakhale madontho ochepa. Yezani musanakwere.

Kumanga kwake n'kumene kumafuna luso. Mwana avale thewera, chipewa ndi masokosi basi. Kamalaya kalikonse pakati pa khungu lake ndi la mayi kamachepetsa kutentha kumene akulandira. Mayi avule kamisolo ndi bra. Muimikeni mwana pakati pa mawere, mimba yake igunde thupi la mayi, miyendo ndi manja zopinda, mutu wotembenukira kumbali ndi wodzutsa pang'ono kuti njira ya mpweya itseguke. Chibwano chikagwera pachifuwa chake, mpweya umatsekeka. Ichi ndiye choopsa chenicheni cha kangaroo womangidwa mosasamala. Tengani chitenje, pindani pakati m'litali, m'mphepete mwake mwa pamwamba mudutse pansi pa khutu la mwana kuti mugwire mutu, m'munsi mugwire matako. Mangani zolimba kumsana kwa mayi kapena chakumbali kuti mfundo isamupweteke akatsamira. Kulimbako kukhale pachifuwa cha mwana, pamimba pakhale pomasukirako kuti azipuma. Yesani: mayi awerame pang'ono atasiya manja, mwana asaterereke. Chitenje chachiwiri chidutse pansi pa matako n'kukamangidwa paphewa, kenako juzi kapena bulangete pamwamba pa onse awiri.

Mukamanga chonchi nkhope imaonekera, ndipo namwino wokhala pambali amaona mtundu wa milomo ndi kapumidwe bwino kuposa mmene angaonere mwana wokulungidwa m'zitenje zitatu. Timachubu ta okosijeni timalowa bwinobwino ali pomwepo, ingomatani ndi pulasitala patsaya. Mawindo a galimoto atsekedwe. Mayi akhale chotsamira, osati chogona chagada pansi pa galimoto. Mutenge thewera lina louma, chifukwa ulendo wochokera ku Mdeka kapena Lirangwe ndi wautali, ndipo thewera lonyowa limaziziritsa. Mukafika musamumasule pageti kapena polembetsa. Amasulidwe pamalo ofunda pamene akukamupimira.

Amapasa aang'ono amakwana onse awiri pachifuwa chimodzi, aliyense mbali yake, nkhope zoyang'anana. Ngati mayi watopa, wina apite kwa gadiyani.

Mbewe_Makina

Ine mbali yanga ndi ya zipangizo, ndiye ndinenepo za mahita aja amene tikuwadalira kwambiri.

Hita ya makanda ili ndi njira ziwiri. Pa manual imatentha ndi mphamvu imene mwaikayo osasamala kuti mwana ali bwanji. Pa servo kapena baby mode imamvera kachingwe kamene mwamata pakhungu la mwana, ndipo mumaika pa 36.5. Itenthetseni kaye kwa mphindi 15 kapena 20 mwana asanabwere, chifukwa matiresi ozizira amamuziziritsa kumsana ngakhale pamwamba pakuyaka. Kachingweko kamatidwe pamimba chakumanja, pansi pa nthiti, ngati wagona chagada. Osati pafupa, ndiponso mwana asakagonere. Kakamatuka kamayamba kuyeza mpweya wa m'chipinda, makina amaganiza kuti mwana wazizira, n'kuyaka mphamvu zonse mpaka mwana kufika 39. Akakagonera zimachitika mosiyana: makina amaganiza kuti watentha, n'kuzima. Choncho nambala ya pa makina musaikhulupirire yokha, yezani m'khwapa. Pa manual musamusiye mwana osamuyeza kupitirira mphindi 15 mpaka 30. Alamu ikamalira fufuzani chifukwa, musangoitseka pakamwa.

Mukagoneka ana awiri kapena atatu pa hita imodzi, kachingwe kali pa mmodzi yekha. Wamkulu akakhala ndiye wamatidwa, wamng'onoyo amazizira. Pamenepo bwererani pa manual n'kumayeza aliyense, kapena, chimene chili chabwino koposa, amene mayi ake alipo apite pachifuwa. Kugonetsa pamodzi kumapatsirananso matenda.

Mwana wa pansi pa hita asafundidwe bulangete lokhuthala, limatchinga kutentha. Koma dziwani kuti hita imaumitsa madzi m'thupi, ndiye onani mkodzo ndi kulemera kwake. Kabedi kasagunde khoma lakunja kapena kukhala pansi pa zenera: mwana amataya kutentha kupita kukhoma lozizira ngakhale sakuligunda. Ana a pa nyale yochizira chikasu ndi amene amaiwalika kwambiri. Nyale za LED zatsopanozi sizitentha, mwana ali maliseche usiku wonse wa Julayi.

Magetsi akazima, hita imazizira nthawi yomweyo, incubator imatha kusunga pang'ono ngati simukutsegula timazenera take. Musadikire jenereta. Wodi iliyonse ikhale ndi lamulo lodziwika kwa aliyense wa usiku: magetsi akangozima, amayi aitanidwe, ana apite pachifuwa. Mabatire a sola ambiri a m'zipatala zazing'ono anawaikira magetsi owunikira ndi firiji ya katemera. Hita imadya mawati mazana angapo, imawamaliza msanga.

Pomaliza, musamasuke mu Okutobala. Khanda la pansi pa kilogalamu imodzi ndi theka, lili maliseche, limafuna mpweya wa madigiri pafupifupi 35 m'masiku ake oyamba. Chipinda cha madigiri 29 chimene inu mukutuluka nacho thukuta, kwa iye n'chozizira, makamaka fani ikuzungulira.

Nachanza_Zaumoyo

Nonse mwalankhula za kuchipatala. Koma mwanayu amatuluka akadali wosakwana makilogalamu awiri, n'kupita kunyumba ya malata yopanda siling'i ku Bangwe, Ndirande kapena Soche kumtunda, kumene usiku wa Juni kumazizira kufika madigiri 12 kapena kutsikirapo. Ambiri amene amabwereranso kuchipatala atazizira, zimachitikira kumeneko. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene ana ambiri amabadwa masiku asanakwane. Lipoti la 2012 linatiika pamwamba pa dziko lonse ndi ana 18 pa 100 aliwonse. Ndiye pafupifupi mudzi uliwonse muli khanda lotere.

Mayi yekha sangathe kangaroo wa maola 20 pa tsiku. Ayenera kusamba, kupita kuchimbudzi, kugona tulo. Asanatuluke m'chipatala, pakhale munthu wachiwiri amene waphunzira kumanga ndi manja ake, osati kungoonerera. Mwana akachoka pachifuwa cha mayi apite pachifuwa cha winayo, osati pabedi. Kumuika kwa mphindi 20 n'kumuchotsa, kenako kumuikanso, sikuthandiza. Ulendo uliwonse usachepere ola limodzi. Usiku mayi agone chotsamira mapilo kapena thumba la zovala, mwana ali chimangire, onse m'neti.

Mabanja ena salola bambo kugwira khanda mpaka mwambo wa kutenga mwana utachitika, poopa tsempho. Musakangane nawo pakhomo, simupambana, ndipo mawa sadzakutsegulirani. Funsani agogo aakazi kuti ndani amene mwambo ukumulola, ameneyo ndiye mumuphunzitse. Kumene bambo akuloledwa, alimbikitseni, makamaka usiku. Palinso oseka, oti mwana amaberekedwa kumbuyo osati kutsogolo, ndipo amayi ena amachita manyazi n'kumusiya m'nyumba akamapita kumjigo. Apa mawu a apongozi ndi a mfumu amamveka kuposa athu.

Mbaula m'chipinda chotseka ayi. Mpweya woipa wochokera ku makala sumveka fungo koma umapha, ndipo khanda limayamba ndilo. Mayi asaphikenso pamoto mwana ali pachifuwa. Ntchito ya kukhitchini agwire ena. Kusambitsa kwa m'mawa ndi madzulo kuja, ndi madzi a mankhwala azitsamba, kudikire. Ingopukutani kumaso, m'khosi ndi kumatako ndi kansalu ka madzi ofunda, masana dzuwa lili pamutu, chitseko chotseka, mbali imodzi imodzi kwinako kuli kofunda, n'kuumitsa msanga. Matewera a nsalu asinthidwe akangonyowa. M'nyengo ya chiperoni matewera sauma, ndiye banja likhale nawo ambiri; thewera lachinyezi lisavekedwe.

Kuyamwa ndi mbali ya kutenthetsa. Maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku womwe, ngakhale akugona mudzutseni. Amene amatopa msanga pabere, mayi afinyire m'kapu amumwetse. Mwana amene akufunda bwino ndi kudya bwino amakwera pafupifupi magalamu 15 pa kilogalamu iliyonse pa tsiku. Sikelo ikaima koma mkaka akumwa, funsani kuti amakhala maola angati pachifuwa. Kawirikawiri chakudya chikuthera kudzitenthetsa. Kangaroo apitirire mpaka afike makilogalamu awiri ndi theka kapena masiku amene akanabadwa, ndipo mwini wake amaonetsa, amayamba kutukula miyendo ndi kulira akamangidwa.

Mayi auzidwe zomuthamangitsira kuchipatala: mapazi ndi mimba zozizira zimene sizikufunda patatha ola ali pachifuwa, kukana bere, kufooka, kupuma mobanika kapena kuima kupuma, kukomoka, chikasu. Ndipo abwere naye ali pachifuwa, kaya pa minibasi kaya pa kabaza.

Achisale_Ana

Asisi Nangondo, kuti mudziwe pamene kutentha kukuthawira pachipatala chanu, chitani ichi kwa mwezi umodzi. Mwana aliyense wosakwana makilogalamu awiri ndi theka muyezeni kanayi: patatha mphindi 30 atabadwa, patatha ola limodzi, pokwera ambulansi, ndi pofika. Lembani manambalawo pa kalata yomutumizira, pamodzi ndi nthawi, kutentha kwa chipinda, ndi mmene wanyamulidwira, ndipo namwino woperekeza abwere nayo nambala yomaliza. Ngati wa mphindi 30 ali kale pansi pa 36.5, vuto lili m'chipinda chochirira ndi nsalu. Ngati akutsika podikira galimoto, ndiye kuti akugonekedwa pabedi. Ngati akuchoka ali 36.8 n'kufika ali 35, onani kamangidwe ndi mawindo a galimoto. Muikenso padera manambala a usiku ndi a masana, chifukwa kawirikawiri sagwirizana.